Ulendo wa ana ku famu yaing'ono ya mumzinda: zimene amaphunzirako ndi zofunika kukonza

Pakati pa ntchito zimene mafamu ang'onoang'ono a m'mizinda amagwira, pali imodzi imene sikambidwa kawirikawiri, ndiyo kulandira magulu a ana asukulu n'kuwayendetsa m'makola ndi m'madimba kwa theka la tsiku. Ndakhala ndikuperekeza ana a zaka zapakati pa 6 ndi 10 ku famu ina yotere, yomwe eni ake ndi anthu okhala m'dera lozungulira malowo, ndipo ndaona kuti n'koyenera kulemba maganizo anga kuti makolo ndi aphunzitsi anzanga amene akulingalira zotengera ana kumalo otere adziwiretu zimene akapezeko. Ndinene pachiyambi pomwe kuti ulendowu ndi woyenera kuupanga, koma phindu lake silifanana paliponse. Pamene ana apatsidwa ntchito yeniyeni yogwira ndi manja awo amatolapo zambiri, koma pamene angoimitsidwa pamzere n'kumauzidwa mayina a zinthu, amabwerera kwawo mmene anapitira.

Famu imene ndikunenayi ndi yaing'ono moti munthu wamkulu akhoza kuizungulira yonse pa mphindi zochepa. Ili pamalo amene kale anali ongokhala, pakati pa nyumba zogona anthu ndi msewu wodutsa magalimoto ambiri, ndipo phokoso la mumzinda silileka nthawi yonse imene muli mkatimo. Muli khola la nkhuku, mbuzi zowerengeka, akalulu, ming'oma ya njuchi imene anaitchinga ndi mpanda, mabedi a ndiwo zamasamba, nazale, komanso milu ya manyowa kumapeto kwenikweni kwa malowo. Wolembedwa ntchito ndi mmodzi yekha, amene ali woyang'anira. Ena onse ndi anthu ongodzipereka, ambiri mwa iwo achikulire amene anapuma pa ntchito, ndipo zonse zimayendetsedwa ndi komiti yosankhidwa ndi anthu a m'deralo. Mafamu a mtundu umenewu sanayambe lero. Ku London, famu ya Kentish Town inatsegulidwa mu 1972, ndipo imadziwika kuti ndiyo inali yoyamba ya mtundu wake m'dziko la Britain. Chifukwa chimene malo otere akufunikira n'chosavuta kuchimvetsa: bungwe la United Nations linanena mu 2018 kuti anthu 55 pa 100 alionse padziko lapansi anali kukhala m'mizinda, ndi kuti pofika 2050 chiwerengerochi chikhoza kufika pa 68 pa 100 alionse. Choncho ana ochuluka akukula akudya zinthu zimene sanazionepo zikumera m'nthaka kapena zikuyenda ndi miyendo yake.

Kulembetsa ulendo sikuvuta. Woyang'anira amafunsiratu zaka za ana, chiwerengero chawo, ndiponso ngati alipo mwana amene thupi lake limadana ndi ululu wa njuchi kapena ubweya wa ziweto, ndipo funso lomalizali linandisonyeza kuti anthuwa amaiganizira bwino ntchito yawo. Ana akafika amakhazikidwa pamthunzi n'kuuzidwa malamulo ochepa, oti asathamange, asakuwe pafupi ndi ziweto, asaike zala m'kamwa, ndipo asadye kanthu asanasambe m'manja. Kenako amagawidwa m'magulu, gulu lililonse n'kupatsidwa munthu wolitsogolera.

Ana ambiri mtima wawo umakhala uli ku mbuzi, koma ine ndaona kuti khola la nkhuku ndi limene limawatsegula mutu koyamba. Amene amasamala nkhukuzo ndi mayi ena achikulire amene ana amangowatchula kuti agogo, ndipo iwo salola kuti ana azingoonera kunja kwa waya. Amawalowetsa awiriawiri, n'kuwauza kuti ayende pang'onopang'ono ndi kutola okha mazira m'zisa. Mtsikana wina wa zaka 7 anapisa dzanja m'chisa n'kulibweza msanga, maso ali gwa, ndipo anafunsa kuti, "Agogo, dzirali likutentha, kodi mwaliphika kale?" Agogowo sanamuseke. Ananyamula thadzi limodzi lofatsa, namuuza kuti alowetse chala pansi pa phiko lake, ndipo mwanayo atamva kutenthako anamufotokozera kuti thupi la nkhuku limatentha pafupifupi madigiri 41, kuposa la munthu limene limakhala pa 37, ndi kuti dziralo linali litangotuluka kumene. Kwa mwana amene moyo wake wonse dzira amalidziwa lili lozizira m'kabokosi, imeneyi ndi nkhani yaikulu, ndipo ndinamuona akulifumbata ndi manja onse awiri mpaka pamene analiika m'thireyi.

Kuchokera pamenepo mafunso amangobwera okha, ndipo ubwino wa agogowa ndi wakuti amayankha funso limene lafunsidwa, osati limene iwo anakonzekera kunyumba. Ana amamva kuti thadzi limaikira mazira ngakhale m'khola mulibe tambala, koma kuti dzira lotero silingaswe mwanapiye. Ndaonapo makolo ena operekeza akudabwa ndi mfundo imeneyi mofanana ndi ana awo. Amamva kuti dzira limodzi limatenga maola 24 mpaka 26 kuti lipangike m'thupi la nkhuku, ndi kuti nthawi yochuluka pa maola amenewa imathera pa kupanga chigoba. Amamvanso kuti thadzi limafungatira mazira masiku 21, likuwatembenuza kawirikawiri, ndipo limangochokapo kanthawi kochepa kukadya ndi kumwa. Manambala amenewa akanakhala pa bolodi ana akanawaiwala tsiku lomwelo, koma chifukwa amawamva ali chilili kutsogolo kwa thadzi lofungatira limene likuwayang'ana mwaukali nthenga zili nyankhalala, amawasunga.

Pali funso lina limene limafunsidwa pafupifupi ndi gulu lililonse, ndipo mmene famuyi imaliyankhira ndi chimodzi mwa zifukwa zimene ndimailemekezera. Mwana amafunsa kuti nkhuku ikakalamba n'kusiya kuikira imapita kuti, kapena kuti atambala ochuluka amene amaswedwa amathera kuti. Anthu a pa famuyi anagwirizana kuti asamanamize ana. Amawauza modekha kuti nkhuku zina zimaphedwa n'kudyedwa, kuti nyama imene amadya kunyumba imachokera ku chiweto chimene chinali chamoyo ngati chimene akuchionacho, ndi kuti n'chifukwa chake mlimi ayenera kuchisamala bwino chiweto masiku onse a moyo wake ndi kusachizunza pochipha. Ndikudziwa kuti makolo ena sakondwera nazo zimenezi, poopa kuti ana akhumudwa kapena ayamba kukana chakudya. Ine ndikuona kuti famuyi ikuchita bwino. Mwana wa zaka 8 amazindikira munthu wamkulu akamazemba funso, ndipo chimene amaphunzirapo n'chakuti nkhaniyo ndi yochititsa manyazi. Akauzidwa zoona mwaulemu amakhala chete kanthawi, amafunsanso funso limodzi kapena awiri, kenako amapitiriza ulendo ali ndi ulemu wina pa chakudya chake umene analibe m'mawa.

Gawo limene ndikuliona kuti ndi lopambana onse ndi limene ana amayamba alikana, ndilo la milu ya manyowa. Akamayandikira amagwira mphuno n'kumabwerera m'mbuyo, ena n'kumaseka anzawo amene apatsidwa fosholo. Bambo amene amayang'anira gawoli sakangana nawo. Ali ndi milu itatu yoyandikana: woyamba uli ndi makoko a zipatso, masamba ofota, udzu ndi zitosi za nkhuku zimene zangotayidwa kumene, wachiwiri ndi wowola mwatheka, wachitatu ndi wakuda bii, wofewa, wonunkhira ngati dothi limene langonyowa ndi mvula. Amafukula pakati pa mulu wachiwiri n'kuuza mwana mmodzi wolimba mtima kuti ayandikize dzanja, ndipo nthunzi ikatuluka ana onse amene anali kutali amabwera mothamanga. Mulu wa manyowa wosanjidwa bwino umatha kutentha mkati mpaka madigiri 55 kapena 65, ndipo kutenthako sikuchokera ku dzuwa ayi, kumachokera ku tizilombo tosaoneka ndi maso timene tikudya zinyalalazo. Kutentha komweko ndi kumene kumapha njere zambiri za udzu ndi tizilombo tina toyambitsa matenda a mbewu. Bambowa amafotokoza kuti tizilomboto timafuna zinthu zofanana ndi zimene mwana amafuna, chakudya, madzi ndi mpweya, ndipo n'chifukwa chake amasakaniza zouma ndi zaziwisi, amathirira mulu ukauma, ndipo amautembenuza kuti mpweya ulowe.

Chimene ana amatola pamenepa n'chozama kuposa njira yopangira manyowa. Mumzinda chinthu chikatayidwa chimatengedwa ndi galimoto n'kusowa, ndipo mwana amakula akuganiza kuti pali malo ena kutali kumene zinthu zimakathera. Pa milu itatu ija amaona ndi maso ake kuti khoko la chipatso limene linatayidwa miyezi ingapo yapitayo ndi lomwelo lasanduka dothi limene akukathira pa mbande, ndipo amaonanso kuti kachidutswa ka pulasitiki kamene kanalowa mu mulu mwangozi kakutuluka mu mulu wachitatu kali momwe kanalili. Bambowa amasunga tizidutswa totere m'kachitini kuti azionetsa ana, ndipo sawonjezerapo ulaliki uliwonse. Ndikuganiza kuti kachitini kameneko kamaphunzitsa bwino kuposa maphunziro ambiri a zachilengedwe amene ndawamvapo m'kalasi.

Mu mulu wachitatu ndi mmene mumapezeka nyongolotsi, ndipo apa ndi pamene ndimaona ana akusintha pamaso panga. Mnyamata wina amene poyamba anakuwa ataona nyongolotsi, patapita kanthawi anali ataigoneka pachikhatho chonyowa akufunafuna kumene kuli mutu wake. Anauzidwa kuti ilibe maso koma imamva kuwala kudzera pakhungu, kuti imapumira pakhungu lomwelo ndipo ikauma imafa, ndi kuti nyongolotsi iliyonse ili ndi ziwalo zachimuna ndi zachikazi zomwe. Anauzidwanso kuti si zoona kuti ukaidula pakati zimakhala nyongolotsi ziwiri, mfundo imene ndikukhulupirira kuti yapulumutsa nyongolotsi zambiri. Ana okulirapo amasangalala kumva kuti Charles Darwin, katswiri wodziwika wa zamoyo, anafufuza za nyongolotsi kwa zaka pafupifupi 40 ndipo buku lake lomaliza, lotuluka mu 1881, linali lonena za izo ndi mmene zimapangira nthaka yachonde. Mwana akamva kuti munthu wophunzira chotero anagwada pansi kuyang'ana kachilombo kamene iye amanyansidwa nako, amakayang'ananso kachiwiri. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa gawo limeneli ndi pamene ana aphokoso kwambiri amadekha osauzidwa ndi munthu.

Ku dimba, chinthu choyamba chimene munthu amaona n'chakuti ndiwo zonse zabzalidwa m'mabedi okwera, otchingidwa ndi matabwa, m'malo mobzalidwa m'nthaka ya pamalopo. Ndinafunsa chifukwa chake, ndipo yankho linandikhutiritsa. Nthaka ya m'mizinda nthawi zambiri imakhala ndi mtovu wochokera ku penti yakale ndi ku utsi wa petulo amene kale ankathiridwa mtovu. Petulo wotere anasiya kugulitsidwa kwa magalimoto padziko lonse mu 2021, koma mtovu umene unagwera m'nthaka suwola, ndipo ndi woopsa makamaka ku ubongo wa ana aang'ono amene amakonda kugwira dothi n'kuika zala m'kamwa. Famuyi inayezetsa nthaka yake n'kusankha kubweretsa dothi lina losakaniza ndi manyowa awo. Kholo lililonse lotengera mwana ku dimba la mumzinda liyenera kufunsa funso limeneli, ndipo famu imene ingaliyankhe mozemba ndi yoyenera kuikayikira.

Ntchito imene ana amapatsidwa m'dimbamo ndi yeniyeni, ndipo zimenezi n'zofunika kwambiri, chifukwa ana amadziwa kusiyanitsa ntchito yeniyeni ndi yongowanyengerera. Amaokera mbande kuchokera ku nazale, amapalira, amathirira ndi makheni aang'ono, ndipo amaphimbira mabedi ndi udzu wouma kuti chinyontho chisathawe. Amalakwitsa ndithu. Ena amazula mbewu n'kusiya udzu, ena amathira madzi pamasamba m'malo mothira patsinde, ena amakwirira mbande mpaka kumutu. Wotsogolera wabwino amabweza mbewuyo m'dothi pamodzi ndi mwanayo n'kumuonetsa kusiyana kwa tsamba la karoti ndi la udzu, ndipo mwanayo salakwitsanso. Chimene chinandisangalatsa kwambiri ndi pamene wotsogolera wina anazula dala nyemba imodzi, nasansa dothi, n'kuonetsa ana timibulu tating'ono timene tili pamizu yake. Anang'amba kamodzi ndi chikhadabo ndipo mkati munali mofiirira. Anafotokoza kuti m'timibulu timeneti mumakhala mabakiteriya otchedwa Rhizobium amene amatenga nayitrojeni mumpweya n'kumusandutsa chakudya cha mbewu, ndi kuti ngakhale magawo 78 pa 100 alionse a mpweya umene timapuma ndi nayitrojeni, mbewu zambiri sizingathe kumutenga zokha. Apa ana a zaka 9 ndi 10 anamvetsa chifukwa chimene mlimi amasinthira mbewu pabedi chaka ndi chaka, pomwe aang'ono anangokondwa kuti mizu ili ndi timipira. Onse anatolapo kanthu molingana ndi msinkhu wawo.

Ming'oma ya njuchi ana amaionera patali, ndipo n'zoyenera kutero. Phunziro la njuchi limachitikira pa maungu. Wotsogolera amaonetsa ana kuti pa chomera chimodzi pali maluwa a mitundu iwiri, aamuna amene ali pa kaphesi koonda, ndi aakazi amene pansi pake pali kadzungu kakang'ono kale, ndipo amawauza kuti adikire aone chimene chichitike. Njuchi ikatuluka m'duwa lina ili yachikasu ndi mungu n'kulowa m'linzake, nkhani yonse yatheka popanda chojambula chilichonse. Lipoti la mu 2016 la IPBES, bungwe la mayiko ambiri lofufuza za chilengedwe, linanena kuti pafupifupi magawo atatu mwa anayi a mitundu ya mbewu zikuluzikulu zimene anthu amadya imadalira, pang'ono kapena kwambiri, tizilombo ndi nyama zonyamula mungu. Mwana amene waona kadzungu kamene sikanalandire mungu katafota n'kugwa amaimvetsa mfundo imeneyi mosavuta.

Za mbuzi ndinene mwachidule, popeza n'zosangalatsa kwambiri koma zimatenga nthawi yochepa. Ana amadabwa kuona kuti mbuzi ilibe mano akutsogolo a m'mwamba, kuti mboni ya diso lake ndi yopingasa, ndi kuti imatafuna ngakhale pamene sinadye kanthu chifukwa ikubzikula zimene zabwerera kuchokera m'mimba yake ya zigawo zinayi. Amaphunzira kupereka msipu ndi chikhatho chotambasula, ndipo amantha ambiri amagonjetsa mantha awo pomwepo.

Pa akalulu ndi pamene ndili ndi dandaulo langa loyamba. Ena mwa otsogolera, pofuna kusangalatsa ana, amatulutsa kalulu n'kumamupatsira mwana uyu ndi uyo mpaka gulu lonse litamunyamula. Kalulu ndi nyama imene kuthengo imasakidwa, ndipo kunyamulidwa m'mwamba kumaiopsa. Ikaphupha mwamphamvu imatha kuvulala msana, ndipo imakanda mwana amene waigwira. Ndinaona kalulu wina akupuma mofulumira, makutu atagona, ana akuganiza kuti wafatsa chifukwa akukondwa. Wotsogolera wina pa famu yomweyo amachita mosiyana: amakhazika ana pansi mozungulira, amaika masamba pakati, n'kuwauza kuti kalulu abwera yekha ngati afuna, ndipo akapanda kufuna asiyidwe. Njira yachiwiriyi ndi imene imaphunzitsa chinthu chofunika, chakuti chamoyo china chili ndi zofuna zake, ndi kuti kuchikonda sikupatsa munthu ufulu wochigwira mmene afunira. Komiti iyenera kukhazikitsa njira imeneyi ngati lamulo la otsogolera onse, osasiya kuti aliyense azichita za kumtima kwake.

Dandaulo lachiwiri ndi lalikulu kuposa loyamba, ndipo likukhudza kusamba m'manja. Lamulo limanenedwa bwino pachiyambi, koma mipopi ndi yochepa poyerekeza ndi gulu la kalasi yathunthu, ndipo ili kutali ndi makola. Mzere ukatalika ana otopa amangonyowetsa nsonga za zala n'kuthawa, ndipo akuluakulu ena amatulutsa mankhwala opaka m'manja poganiza kuti akwanira. Sakwanira. Ziweto zooneka zathanzi zimatha kukhala ndi tizilombo monga E. coli O157, Salmonella ndi Cryptosporidium m'ndowe zake, tizilomboti timamatirira pa ubweya, pa mipanda ndi pa nsapato, ndipo mankhwala opaka aja sachotsa litsiro ndiponso sapha Cryptosporidium. Mu 2009, pa famu ina yolandira alendo ya Godstone ku Surrey, m'dziko la England, anthu 93 anadwala E. coli O157, ambiri mwa iwo ana aang'ono, ndipo ena impso zawo zinakhudzidwa kwambiri. Sindikunena zimenezi kuti makolo aope ziweto, chifukwa njira yopewera ndi yapafupi: sopo, madzi oyenda, masekondi osachepera 20, munthu wamkulu ataima pompo kuonetsetsa mwana aliyense, ndipo chakudya chidyedwere kutali ndi makola. Famuyi ikufunika kuwonjezera mipopi yofupika potulukira pa khola lililonse, ndipo pa zonse zimene ingagule ndi ndalama zochepa zimene imapeza, chimenechi chiyenera kukhala choyamba. Ndiyamikire kuti woyang'anira amachenjeza amayi oyembekezera kuti asayandikire mbuzi zimene zikubereka kapena zangobereka kumene, chifukwa pali matenda ena a ziweto amene ndi oopsa kwa mwana wosabadwa.

Pali zina zing'onozing'ono zimene zimachepetsa phindu la ulendowu. Ana amapatsidwa pepala la mafunso kuti azidzaza akuyenda, ndipo ndaona ana akuyang'ana pepala pamene mbuzi ikubzikula kutsogolo kwawo, ena akukopera mayankho kwa anzawo kuti athane nazo. Pepala limeneli likanaperekedwa kwa mphunzitsi kuti akaligwiritse ntchito m'kalasi tsiku lotsatira. Magulu nawo nthawi zina amakula mopitirira, ndipo ana akapitirira khumi pa wotsogolera mmodzi, akutsogolo okha ndi amene amagwira dzira, akumbuyo amayamba kuponyerana timiyala. Luso la otsogolera ndi losiyanasiyana, zimene n'zosadabwitsa kwa anthu ongodzipereka: ena amadziwa ulimi koma amalankhula nthawi yaitali, ena amadziwa ana koma amayankha mongoganizira. Tinjira ta pakati pa mabedi n'topapatiza ndipo mvula ikagwa timaterera, kotero mwana woyenda pa njinga ya anthu a ulumali safika ku milu ya manyowa, komwe ndi kumene kuli phunziro labwino kwambiri. Mabedi angapo anakwezedwa kufika m'chiuno kuti mwana wotere athe kubzala atakhala, ndipo zimenezo n'zoyamikirika, koma ntchitoyo inathera panjira.

M'pofunikanso kunena zimene famu yaing'ono singathe kuphunzitsa, kuti aphunzitsi asabwerere ndi chithunzi cholakwika. Malo ano sadyetsa mzinda. Mbozi zikadya bedi lonse la kabichi, anthu a pa famuyi amadandaula n'kubzala zina, ndipo palibe amene amagona ndi njala. Mlimi amene banja lake lonse limadalira zokolola amakumana ndi chilala, ngongole, mitengo yotsika pamsika ndi ntchito yoyambira m'bandakucha, ndipo zimenezi sizioneka pa ulendo wa theka la tsiku. Mwana akhoza kuchoka pano akuganiza kuti ulimi ndi kusisita mbuzi ndi kuthirira maluwa. Wotsogolera mmodzi yekha ndi amene ndinamumva akufunsa ana kuti awerengetse mabedi angati amene angafunike kuti kalasi yawo idye chaka chathunthu, ndipo atalephera kupeza malo okwanira m'famu yonseyo anawauza za minda ikuluikulu ya kutali ndi anthu amene amagwira ntchito mmenemo. Funso limeneli liyenera kukhala mbali ya ulendo uliwonse wa ana okulirapo.

Komabe pali phunziro limodzi limene famu ya anthu a m'dera imalipereka kuposa munda wa munthu mmodzi, ndipo ndi lokhudza kukhalira pamodzi. Pakhoma la kanyumba kosungiramo zida pali ndandanda ya amene adyetse ziweto tsiku lililonse, kuphatikizapo masiku a tchuthi, ndipo ana amazindikira kuti mbuzi imamva njala ngakhale tsiku limene aliyense akufuna kupuma. Amafunsa kuti dimbali ndi la ndani, ndipo akauzidwa kuti ndi la onse amafunsanso kuti nanga amene sanagwire ntchito amadya nawo. Otsogolera amawafotokozera mmene zokolola zimagawidwira, kuti zina zimapita kwa ogwira ntchito, zina kwa okalamba ndi odwala a m'deralo, zina zimagulitsidwa kuti pagulidwe chakudya cha ziweto, ndipo sabisa kuti nthawi zina pamakhala kusamvana kumene komiti imakhalira pansi kukambirana. Ana amaonanso achikulire amene si abale awo kapena aphunzitsi awo akuwaphunzitsa kanthu moleza mtima, chinthu chimene mumzinda chikusowa kwambiri, ndipo ndaona achikulirewo nawo akuwala nkhope mwana akawafunsa kuti, "Agogo, tidzabwerenso liti?"

Funso la mwanali ndi limene ndikufuna makolo ndi aphunzitsi aliganizire kwambiri, chifukwa ulendo umodzi wokha umaonetsa zinthu koma suonetsa nthawi, pomwe ulimi wonse wagona pa nthawi. Mwana amene wabzala nyemba lero n'kuchoka sadziwa ngati zinamera. Amene wabwereranso patapita milungu iwiri amapeza zina zitamera, zina zitadyedwa ndi mbalame, ndipo amene wabwera kachitatu amakolola kapena amapeza kuti gulu lake linaiwala kuphimbira ndipo bedi linauma. Kulephera kotere, kumene palibe amene angakukonze ndi mawu okoma, n'kosowa m'moyo wa ana ambiri a mumzinda. Mu 1995, Alice Waters, katswiri wa zophikaphika, anayambitsa dimba lotchedwa Edible Schoolyard pa sukulu ina ya boma ku Berkeley, ku California, m'dziko la America, ndipo mphamvu ya ntchito imeneyo inali yakuti ana ankabwerera ku dimba lomwelo nthawi ndi nthawi monga mbali ya maphunziro awo, kuyambira kubzala mpaka kuphika. Famu imene ndikunenayi ili ndi dongosolo lofananako, lolola kalasi kutenga bedi limodzi kwa nyengo yathunthu, koma silitchulidwa pokhapokha munthu atafunsa, ndipo sukulu zambiri zimangolembetsa ulendo umodzi osadziwa kuti mwayi umenewu ulipo.

Amene akukonza ulendo wotere apemphe bedi limeneli pa tsiku lolembetsa lomwelo, ndipo asankhe mbewu zocha msanga monga nyemba ndi ndiwo zamasamba kuti ana akolole teremu isanathe. Apemphenso kuti magulu akhale aang'ono ngakhale zitatanthauza kubwera masiku awiri osiyana, abweretse akuluakulu okwanira kuti mmodzi aziima pa mpopi nthawi zonse, ndipo auze makolo kuti ana avale nsapato zotseka ndi zovala zimene sadzakalipiridwa zikada. Ana osakwana zaka 5 ndi bwino abwere ndi makolo awo m'malo mobwera pagulu la sukulu, chifukwa ndi amene amaika zala m'kamwa kawirikawiri ndipo amafunika diso la munthu mmodzi pa mwana mmodzi akakhala pafupi ndi makola.